Kodi kusonkhanitsa magemu akale ndi chuma kapena ndi kudzaza nyumba?

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wa ku Bembeke, m'boma la Dedza, mphunzitsi wa ku pulayimale wa zaka 36. Walemba kuti: "Ndinayamba ndi gemu ya makaseti ija tinkalumikiza pa TV ya aneba tili ana. Pano ndili ndi PlayStation 2 ziwiri, Sega Mega Drive imodzi yomwe ndinatola pa kaunjika, PSP (PlayStation ya m'manja), ndi madisiki oposa 60. Mwezi watha mlamu wanga anandibweretsera PlayStation yoyamba ija, yotuwa, yochokera ku Japan. Nditangoilumikiza inalira kuti phu, n'kutulutsa utsi. Mayi a kunyumba akuti ndikudzaza nyumba ndi zinyalala pomwe ndalamazo zikanagula feteleza. Koma ndinamva kuti kunja magemu akale akugulitsidwa ndalama zankhaninkhani. Kodi ndipitirize? Zidzandipindulira? Nanga ndizisunge bwanji kuti ndidzakalambe nazo?"

Achimwene, ndiyambe ndi utsiwo, chifukwa ndikudziwa kuti ndi umene ukukusowetsani tulo. Pa zaka zoposa 20 zomwe ndakhala ndikutsegula mawayilesi, ma TV ndi makina a magemu, fungo limenelo ndalinunkhiza kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri mwini wake amafika atataya kale mtima pomwe makinawo sanafe. Magetsi athu kuno ndi a 230V. Ku Japan ndi a 100V, ku America ndi a 120V. PlayStation yoyamba ija ili ndi msampha woipa: chingwe chake cha magetsi n'chofanana ndi cha wayilesi ya kaseti, chija chokhala ndi timabowo tiwiri kumapeto. Munthu amangozula chingwe ku wayilesi, kulowetsa, osaganiza kanthu poti chalowa bwinobwino. Chomwe chinaphulika ndi bolodi yolandira magetsi, makamaka fyuzi ndi kapasita yaikulu yomwe ili pamenepo. Bolodi imeneyi ndi yapadera, yosiyana ndi ija yoyendetsa gemu, ndipo imachotsedwa ndi sikuludalaivala basi. Fundi wodziwa ntchito atha kuikamo bolodi ya magetsi yochotsa mu PlayStation ina ya kuno yomwe inafa diso lowerengera disiki, bola mawaya olumikizira akhale ofanana kuchuluka kwake, chifukwa Sony inkasintha mapangidwe ake m'kupita kwa zaka.

Kuyambira lero, makina alionse asanalawe magetsi a m'nyumba mwanu, atembenuzeni muwerenge kapepala ka kunsi kapena ka pa adaputala. Pakalembedwa 100-240V, lumikizani mopanda mantha. Pakalembedwa 100V kapena 120V pokha, pakufunika thiransifoma yotsitsa mphamvu. Kapulagi koyera kaja kogula pa msika kamangosintha maonekedwe a mano, mphamvu ya magetsi sikaikhudza n'komwe. Pa makina a PlayStation pali njira ina yachidule. Nambala yake imayamba ndi SCPH, ndipo chiwerengero chomaliza chimakuuzani kwawo: 0 ndi Japan, 1 ndi America. Pa PlayStation yoyamba 2 ndi Europe, pomwe pa PlayStation 2, 3 ndi UK, 4 ndi maiko ena a ku Europe. Mega Drive yanuyo nayo isamalireni pa nkhani ya adaputala. Yoyamba ija ndi yachiwiri yake zimasiyana pulagi komanso mbali yomwe kuli positive, ndiye musangotola adaputala iliyonse yomwe yalowa.

Ndikuchenjezeninso kuti ngakhale ikadzuka, PlayStation ya ku Japan idzakana madisiki ogula kuno. Makampani ankatsekera makina m'zigawo: disiki ya PAL, yomwe ndi ya ku Europe, ku South Africa ndi kuno, siyenda pa makina a NTSC a ku Japan kapena ku America. Ndipo pa TV zina zakale chithunzi cha NTSC chimatuluka chopanda mitundu kapena chikungogudubuzika. N'chifukwa chake kwa munthu wa ku Dedza katundu wabwino ndi wobwera ndi abale a ku Joni kapena wochokera ku UK. Wa ku Joni mumangodula pulagi ya mano ozungulira ija n'kuikapo yathu, magetsi ndi amodzimodzi. Nkhani yoseketsa ndi yakuti magemu ambiri a nthawi ya Mega Drive ankayenda pang'onopang'ono pa PAL kusiyana ndi momwe anawapangira, chifukwa TV zathu zimasintha chithunzi ka 50 pa sekondi pomwe za ku Japan ka 60. Sonic wa m'gemu ya Mega Drive amene tinkamuona ngati mphezi uja anali akuthamanga mwaulesi, ndi nyimbo zomwe. Tsiku lomwe ndinamva liwiro lake lenileni ndinaganiza kuti makina apenga.

Tsopano za ndalama zankhaninkhanizo. Zomwe munamvazo n'zoona. Mu July 2021 gemu ya Super Mario 64 inagulitsidwa pa okushoni ku America pa mtengo wa madola 1.56 miliyoni. Koma funsani kuti inali yotani. Inali isanatsegulidwepo chitulukireni mu 1996, pulasitiki ya ku fakitale ili momwemo, akatswiri ataiyeza n'kuitsekera m'bokosi loonekera mkati. Palibe mwana amene anaigwirapo ndi manja a mafuta a mandasi. Mu 2021 msika unatentha chifukwa anthu anali m'nyumba nthawi ya Covid, ndipo mitengo ya zinthu zotere inadzatsika pambuyo pake. Zomwe tili nazo ife ndi zosiyana kutalitali. PlayStation 2 inagulitsidwa yoposa 155 miliyoni pa dziko lonse, kuposa makina ena alionse olumikiza pa TV. Chinthu chopezeka chonchi sichisowa msanga. Magemu a mpira ndiye osanena, ankatuluka chaka chilichonse mamiliyoni, ndipo kunja amawagulitsa mtengo wa botolo la zakumwa.

Komanso pa madisiki 60 anuwo, khalani pansi muwerenge kuti enieni ndi angati. Disiki yeniyeni ya PlayStation yoyamba ndi yakuda kunsi. Ya PlayStation 2 imakhala ya buluu ikakhala CD, kapena yasiliva ikakhala DVD, ndipo mukaipendeketsa pa kuwala mumaona chizindikiro cha PlayStation m'kati mwake. Ikakhala yofiirira ngati madisiki ojambulira mafilimu, pamwamba atalembapo ndi peni, ndi yokopera. Yokopera imaseweredwa, koma kwa wosonkhanitsa mtengo wake ndi wa disiki yopanda kanthu. Makina ambiri a kuno anaikidwanso tchipi kuti aziwerenga zokoperazo, zomwe ogula akunja sazifuna. Ndipo ngakhale mutapezeka ndi chinthu chosowa, wogula ali kutali, ndalama yotumizira phukusi idya phindu lonse.

Ena amanena kuti poti kwacha ikugwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja amasunga ndalama. Mtengo pakamwa umakwera ndithu. Koma tsiku lomwe mwana wadwala usiku, yesani kuyenda ndi Mega Drive pa Bembeke kufuna woigula. Mbuzi mumagulitsa m'mawa womwewo, komanso mbuzi imaswa. Ndiye pa nkhani ya feteleza, mayi akunena zoona, ndipo musawanamize kuti mukusungira ana chuma. Akadzazindikira kuti si zoona adzadana ndi magemuwo kotheratu. Auzeni chilungamo, kuti ichi ndi chomwe chimakusangalatsani, monga ena amaweta nkhunda, ena amathera ndalama ku mpira kapena ku bawa. Mugwirizane kandalama ka pa mwezi komwe kamatsala fizi, feteleza ndi ndiwo zitatheka, ndipo kakatha katha. Amuna ambiri omwe ndawaona akukangana ndi akazi awo pa nkhaniyi, vuto silinali magemu. Linali kubisa mtengo.

Funso lanu loti mupitirize, yankho langa ndi eya, koma musinthe kasonkhanitsidwe. Panopa mukutola chilichonse chomwe mwakumana nacho, ndipo akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Makina asanu osiyana amafuna zingwe zisanu, mapadi oseweretsera asanu, mavuto asanu. Sankhani chimodzi muchidziwe mpaka kunsi. Ndikanakhala inu ndikanakhazikika pa PlayStation 2. Inatuluka m'chaka cha 2000 ndipo anasiya kuipanga cha kumayambiriro kwa 2013, ndiye zipangizo zake zili mbwee m'mashopu a mafundi ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Imawerenganso madisiki a PlayStation yoyamba. Koposa zonse, siifuna intaneti. Mukaika disiki, gemu yonse ili momwemo, lero ndi zaka 30 zikubwerazi.

Mfundo imeneyi musaipeputse. Makina atsopano amadalira sitolo ya pa intaneti ya kampani, ndipo kampani ikatopa imatseka. Nintendo inatseka sitolo ya Wii U ndi 3DS mu March 2023. Microsoft inatseka ya Xbox 360 mu July 2024. Sony inalengeza mu 2021 kuti itseka ya PlayStation 3, anthu atakwiya inabweza ganizo. Magemu ambiri a PlayStation 4 ndi 5, ngakhale muli ndi disiki m'manja, amafuna kudawunilodi zowonjezera za ma GB ambirimbiri, ndipo inu mukudziwa mtengo wa bandulo. Bungwe la Video Game History Foundation linapeza mu 2023 kuti mwa magemu omwe anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010, pafupifupi 87 pa 100 alionse sakugulitsidwanso mwa njira iliyonse yovomerezeka. Amene akuwasunga amoyo ndi anthu wamba okhala ndi mashelefu m'nyumba.

Ndipo pali china chomwe ndikufuna muchiganizire, poti ndinu mphunzitsi. Gemu ya makaseti yomwe munayambira ija sinali Nintendo yeniyeni. Inali yotengera Famicom, makina omwe Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, ndipo mafakitale a ku Taiwan ndi ku China anawakopera n'kuwamwaza mu Africa monse. Makaseti achikasu olembedwa kuti muli magemu 9999999, pomwe enieni ndi khumi akungobwerezabwereza ndi maina ena, kamfuti kowombera abakha, mapadi a zingwe zazifupi zomwe zinkaduka pa khosi. Osonkhanitsa a kunja kale ankaziyesa zinyalala. Koma ndi mmene ife tinalowera m'dziko la magemu. Kumbukirani kuti TV ya dziko lino inayamba kuulutsa mu 1999. Isanafike nthawiyo, kwa ambiri TV m'nyumba kapena pa tsiteji inali ya vidiyo ndi gemu basi. Kenako kunabwera timashopu ta magemu m'ma trading centre, pa Lizulu, pa Chimbiya, pa Ntcheu boma, anyamata atathithikana pa benchi, wogonja apereka padi, wa shopu akuwerenga mphindi. Ndani akusunga zimenezi? Chikwangwani cholemba pamanja cha mitengo ya gemu imodzi, memore khadi yokhala ndi timu yomwe mnyamata anaimanga zaka ziwiri, kaseti yachikasu yomatidwa ndi selotepi. Dedza ili ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni zomwe dziko lonse limazilemekeza, ili ndi zigoba za gule zosungidwa ku Mua. Sindikuyerekeza kaseti ya gemu ndi zimenezo, ayi, akulu angandimange. Ndikungoti chinthu chimakhala mbiri chifukwa wina anachisunga pomwe anzake ankataya. Super Mario wosatsegula simudzamupeza. Koma shelefu yoonetsa mmene ana a ku Dedza ankasewerera, ndinu nokha amene mungaipange, ndipo zambiri anthu adzakupatsani ulere.

Tibwere ku kasungidwe. Mdani wanu wamkulu ku Bembeke si wakuba, ndi chinyezi. Muli pamtunda, kumazizira, ndipo nkhungu ya mu June ndi July imalowa m'nyumba ngati mlendo. Kuyambira December mpaka March mvula. Chitsulo chozizira chikakumana ndi mpweya wonyowa chimachita thukuta, timano ta katiriji (kaseti ya gemu) timachita dzimbiri lobiriwira, mapepala a m'makesi amamera chuku. Musaike makina pansi pa simenti kapena kutsamiritsa ku khoma la kunja. Gulani mabigiri kapena mabokosi a pulasitiki otseka bwino, muponyemo timapaketi ta timiyala toyera tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Timiyalato timayamwa chinyezi. Makina akachoka m'chipinda chozizira kupita pofunda, adikireni ola limodzi musanawayatse.

Makatoni a makina, ngati muli nawo, asungeni, chifukwa katoni nthawi zina imasowa kuposa makina ake, koma dziwani kuti chiswe chimaikonda. Ikhale m'mwamba, m'thumba la pulasitiki. Mphemvu ndiye zimayesa PlayStation nyumba ya lendi: mofunda, mwamdima, mipata yolowera ilipo. Zitosi zake zimadya bolodi. Musapopere mankhwala m'kati, amawononga pulasitiki ndi diso. Tsegulani, sasani ndi kaburashi, ndipo musamadyere pafupi. Utsi wa mbaula nawo, womwe timaukonda nyengo yozizira, umamata pa diso la makina ngati mwaye wa kukhitchini.

Diso limeneli ndilo limayamba kufa pa PlayStation 2. Likayamba kuvuta kuwerenga, lipukuteni mopepuka ndi kathonje konyowetsa spiriti woyera, osati wofiirira uja, amasiya utoto. Pali mafundi ena omwe amapotokola kasikulu kowonjezera mphamvu ya diso. Makina amawerenga bwino milungu ingapo, kenako diso limapseratu. Muwakanize. Njira yabwino yopumitsira diso ndi yomwe a mashopu a magemu anaidziwa kale: memore khadi yokhala ndi pulogalamu ya Free McBoot, yomwe imalola kusewera magemu kuchokera pa fulashi kapena hadi disiki. Koperani madisiki anu enieniwo, muziseweretsa makopewo, enieniwo apume m'makesi. Pa fulashi tizithunzi ta pakati pa gemu timadukaduka chifukwa USB ya makinawa ndi yakale, yochedwa. PlayStation 2 yaikulu ija, yonenepa, imalola hadi disiki kumbuyo kwake ndipo imayenda bwino kwambiri. Madisikiwo aziima chilili m'makesi, kutali ndi dzuwa, ndipo popukuta muziyambira pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira.

Mabatire ndi nkhani ina yomwe imapweteka anthu osamala omwe. PSP yanuyo, ngati simukuiseweretsa, chotsani batire. Likakalamba limatupa mpaka kukankha chitseko chake, ndipo lotupa ndi loopsa, musalitchajenso. Chilichonse chogwiritsa mabatire a tochi, monga Game Boy kapena mapadi opanda chingwe, chisagone ndi mabatire m'kati, amatuluka madzi oyera odya zitsulo. Zikachitika, kadontho ka viniga pa thonje kamachotsa. Makatiriji ena a Mega Drive, Super Nintendo ndi Game Boy ali ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo m'kati, komwe kamasunga pomwe munafika. Kamatha patapita zaka 15 kapena 20, ndipo kakatha zonse zimafufutika. Kusintha n'kosavuta kwa wodziwa kuwotcherera. Ndipo chizolowezi chathu chouzira mpweya m'kaseti ikakana, chisiyeni. Malovu ndi amene ankabweretsa dzimbiri lomwe linkapangitsa kuti mawa ikanenso.

Magetsi akazima, zulani pulagi ku khoma, musangothimitsa switchi, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali. Kukachita ziphaliwali zulaninso chingwe cha eriyo ku TV. Ngati muli pa sola, inveta yotsika mtengo imatulutsa magetsi okhakhala omwe amatenthetsa maadaputala akale, ndiye funani yolembedwa pure sine wave. Komanso makina okhala nthawi yaitali osayatsidwa nawo amatha kuwonongeka. Miyezi itatu iliyonse tulutsani onse, aliyense ayake theka la ola.

TV yakale ya msana waukulu ija, ngati ilipo kwa achibale, ipempheni isanatayidwe. Magemu akale anawajambulira TV imeneyo, ndipo pa TV yopyapyala amaoneka ophwanyikaphwanyika. Kamfuti ka abakha kaja sikagwira n'komwe pa TV zatsopano, chifukwa kamadalira mmene yakale imawalitsira chithunzi. Koma musaitsegule nokha. M'kati mwake mumatsala magetsi oti n'kugwetsa munthu ngakhale itazulidwa ku khoma.

Pogula, nyamulani disiki yanu, padi yanu ndi memore khadi yanu, ndipo museweretse makinawo mphindi 20 mpaka atenthe, chifukwa matenda ambiri amabisala makina akadali ozizira. Yang'anani masikulu ngati anakumbidwakumbidwa. Nunkhizani pa fani. Xbox 360 zoyera zoyambirira zija muzipewe pokhapokha mtengo uli wa chabe. Vuto lake la magetsi atatu ofiira linali lalikulu moti mu 2007 Microsoft inawonjezera waranti kufika zaka zitatu, zomwe zinaidyera ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Ogulitsa a pa Facebook ndi WhatsApp alipo achilungamo, koma ndalama ya pa foni isatsogole katundu musanamuone ndi maso.

Chomwe palibe buku la akatswiri akunja lingakuuzeni ndi abale. Kwathu kuno chinthu cha malume ndi cha ana a mlongo wake, ndipo holide ikafika adzabwera. Mukawakaniza zonse mudzatchuka kuti ndinu womana, nkhani idzafika kwa anganga. Mukawalola zonse, shelefu idzatha m'chaka chimodzi. Ine ndinaphunzira mowawa. Ndinabwereketsa memore khadi kwa mphwanga wina kwa sabata imodzi, ndipo pofuna malo osungira gemu yake anafufuta timu yomwe ndinaimanga zaka zitatu. Anabwera akumwetulira, osadziwa n'komwe kuti walakwa, ndipo ndinalibe pomukalipira poti sindinamuuze. Poti muli ndi PlayStation 2 ziwiri, imodzi ikhale ya anthu onse, pa balaza, ndi mapadi otsika mtengo ndi memore khadi yakeyake. Inayo ikhale m'bokosi, ndipo isatuluke pa khomo. Gulaninso kope lachikuto cholimba, muzilembamo chilichonse: munachipeza kuti, liti, pa ndalama zingati, chinali cha ndani, chinakonzedwa chiyani. Ana anu akadzapeza mabokosiwo inu kulibe, kopelo ndi lomwe lidzawauze kuti asawaponye kudzala.

PlayStation ya ku Japan ija musailumikizenso, ngakhale kungoyesa. Musalolenso fundi wa changu kulumikiza waya m'malo mwa fyuzi yopsayo. Ikulungeni m'nsalu youma, lembani pa pepala nambala ya SCPH yomwe ili kunsi kwake, ndipo mukamapita ku boma kapena ku Lilongwe kukalandira malipiro, yendani m'mashopu a mafundi mufunse PlayStation yotuwa yakufa diso. Adzakugulitsani motchipa, poti kwa iwo ndi chitsulo chabe. Mukafunsenso mlamu wanuyo ngati m'katoni yomwe anaitengamo munalibe madisiki a zilembo za Chijapani.